Osewera Old School RuneScape, Lekani Kudyetsa Akuba Thukuta Lanu

Ana inu, tamverani. Old School RuneScape, masewera a pa intaneti, munthu amalowa osatulutsa ndi tambala yomwe, ndipo chifikireni masewerawa pa foni mu 2018 ambiri mwakhamukirako. Koma ulere umenewu wakupusitsani. Poti simunalipire pakhomo, mukuyesa kuti mulibe choti mungataye. Nanga masabata onse aja mwakhala pa doko la Karamja kuwedza ma lobster, bandulo ikutha, foni ikutentha m'manja, si chuma chimenecho? Zimandiwawa kuona mwana wakhetsa thukuta mwezi wathunthu n'kupereka zonse kwa munthu wosamudziwa m'mphindi imodzi. Ndipo dziwiranitu kuti a Jagex, eni masewerawa ku Cambridge, sabweza katundu amene mwapereka nokha ndi manja anu.

Pa Grand Exchange, msika waukulu wa m'masewerawa mumzinda wa Varrock, ndi pomwe dyera limagwetsa ambiri. Wina waima pagulu akulemba mobwerezabwereza kuti akuchulukitsa ndalama kawiri. Mumuyesa ndi 1,000, akubwezerani 2,000. Mtima dyokodyoko, muthamangira ku banki, mutapa 200,000 yonse, mumupatsa, iye zii, watuluka m'masewera. Ija 2,000 inali nyambo chabe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Winanso akuti mum'bwereke zovala zanu za rune akazikongoletse m'mphepete ndi golide. Palibe wosewera amene angathe kuchita zimenezo! Zovala zokongoletsedwa zimachokera ku ma clue scroll, timakalata tolondolera ku mphoto, zili zopangiratu. Bodza limeneli ndi lakalekale, koma mpaka lero likupezabe makasitomala.

Mukamasinthana katundu ndi munthu, pamabwera mawindo awiri. Lachiwiri lija analiikira inu, koma mumangolidina ngati likukuchedwetsani. Wakuba amachotsa chinthu pa windo loyamba mutayang'ana kumbali, kapena kuika china chofanana nacho maonekedwe koma chotchipa. Chinthu chikachotsedwa pamaoneka chizindikiro chofiira. Mukachiona imani kaye. Pa windo lachiwiri werengani dzina la chinthu chilichonse ndi nambala yake, muwerengenso ma ziro. Akamakufulumizitsani kuti "changu, changu", kanani malondawo.

Tsono nkhani yaikulu ndi Wilderness. Kumpoto kwa Edgeville ndi Varrock kuli ngalande. Mukailumpha, mwalowa m'dera lomwe wosewera mnzanu ali ndi ufulu wokuphani n'kutola zanu. Masewera amakuchenjezani musanalumphe, inu mumatseka chenjezolo osawerenga. Lamulo lake ndi ili: mukafa mumatsala ndi zinthu zitatu zodula kwambiri mwa zomwe mwanyamula, zina zonse ndi za wokuphaniyo. Ngati luso lanu la Prayer lafika level 25 ndipo munayatsa pemphero loteteza katundu lotchedwa Protect Item, mupulumutsa chachinayi. Koma mukayamba ndinu kumenya wosewera wina, pamutu panu pamatuluka chigaza, ndipo mukafa nacho ngakhale zitatu zija mulibe. Protect Item ingakusungireni chimodzi basi. Akuba amadziwa bwino zimenezi. Amakuputani, amazungulirazungulira pafupi ndi chilombo chomwe mukumenya kuti chala chanu chiphonye n'kudina iwowo. Pa foni, pomwe chala n'chachikulu kuposa munthu amene mukumudina, ngoziyi ndi yosavuta. M'ma settings muli poyatsa chotchinga kuti musalandire chigaza mwangozi. Yatsani lero.

Kumeneko mukamalowa mkati, nambala ya Wilderness imakwera, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe imanena kuti munthu wokuposani mphamvu ndi ma level angati angakumenyeni. Pa 1 akukhudzani ndi ofanana nanu kapena osiyana nanu ndi level imodzi yokha. Pa 30, munthu wokuposani ndi ma level 30 akhoza kukugwetsani musanadye ndi nsomba imodzi yomwe. Mukapitirira 20, matsenga othawira ku Lumbridge kapena Varrock sagwiranso ntchito. Musadalirenso kutuluka m'masewera, chifukwa munthu amene akumenyedwa satuluka mpaka patadutsa masekondi 10 osakhudzidwa. Apa ndi pomwe ife odalira netiweki yodukaduka tiyenera kusamala koposa. Netiweki ikaduka kapena magetsi akazima nkhondo ili mkati, munthu wanu wa m'masewera sachoka nthawi yomweyo ayi. Amatsala chiimire pompo akulandira zikwanje, inu mukugwedeza foni.

Choncho wina akakuuzani kuti "tiye ndikakuonetse malo abwino", kapena kuti kuseri kwa ngalande kukugawidwa katundu, makamaka akawonjezera kuti mubwere mutavala zanu zabwino, ameneyo si mnzanu, ngakhale mwacheza naye masabata awiri. Ena amaleza mtima chonchi dala. Ngati muli ndi chifukwa chenicheni cholowera, siyani zonse ku banki. Nyamulani zitatu zomwe mungapirire zitapita, malo otsala mwa 28 aja mudzaze chakudya. Lobster imabwezera moyo 12, swordfish 14. Idyani moyo ukafika theka, osadikira kuti utsale pang'ono.

Inu ongoyamba kumene, pochoka ku Lumbridge kupita ku Varrock musadutse pa bwalo la miyala lili kum'mwera kwa mzindawo. Afiti ovala zakuda aja amayamba okha ndewu, ndipo ena ndi a level 20. Lambalalani.

Koma zonsezi n'zochepa poyerekeza ndi kubedwa akaunti yonse. Wobedwa ku Wilderness amataya zomwe ananyamula, wobedwa akaunti amapeza banki ili mbee. Njira yake nthawi zambiri ndi link: uthenga woti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kulowa msanga, vidiyo ya pa Twitch kapena YouTube yolonjeza mphatso, tsamba looneka ndendende ngati la Jagex koma adiresi yake yasiyana chilembo chimodzi. RuneLite, pulogalamu yoseweretsera masewerawa pa kompyuta, nayo ili ndi masamba abodza omwe amatulukira pamwamba ngati malonda mukafufuza pa Google. Yeniyeni ili pa runelite.net. Ogwira ntchito ku Jagex amakhala ndi chisoti chagolide pambali pa dzina, ndipo sadzakufunsani password. Wokufunsani password ndi wakuba, kaya walankhula mwaulemu bwanji. Safunsa anadya phula: mukakayika, tsekani uthengawo, lembani nokha adiresi ya masewera, mukaone ngati nkhaniyo iliko.

Lekaninso kubwereketsana akaunti. "Ndi msuweni wanga" mumatero, koma msuweniyo ali ndi anzake, ndipo foni yake imayenda m'manja ambiri. Password ya masewera isafanane ndi ya Facebook kapena ya imelo. Ikani Authenticator, chitetezo chofuna nambala yochokera pa foni yanu polowa, pa akaunti, muikenso chitetezo chotere pa imelo, pakuti wolanda imelo walanda zonse. Ngati simukudziwa poyambira, tsikirani mu Stronghold of Security pansi pa Barbarian Village. Zitseko zake zimakufunsani mafunso a kasamalidwe ka akaunti, ndipo mukadutsa zigawo zitatu zoyamba mumatuluka ndi golide 10,000. Werengani mafunsowo, musamangolota mayankho.

Ogula golide ndi ndalama zenizeni kwa anthu a pa WhatsApp, ndi inu oika ma bot kuti azikudulirani mitengo mukugona, malamulo a Jagex amaletsa zonse ziwiri ndipo akaunti amatseka. Wofuna umembala alipire m'njira yake, kapena asonkhanitse golide agule bond pa Grand Exchange, yomwe imapereka umembala wa masiku 14.

PIN ya banki ndi manambala anayi okha, mumaika polankhula ndi wa ku banki aliyense. Musaike 1234 kapena chaka chanu chobadwa. Ubwino wake ndi woti wakuba akafuna kuichotsa amayenera kudikira masiku 3 kapena 7, malinga ndi momwe munasankhira, ndipo m'masiku amenewo mukhoza kulowa n'kuletsa. Sankhani 7. PIN yatsopano siyamba kugwira ntchito tsiku lomwelo, imatenga masiku, ndiye musadikire kuti banki idzaze kaye. Mukalowa usiku uno, musanagwire nkhwangwa kapena mbedza, yambani mwapita ku banki.