Kuchonga homuweki ya ophunzira anzathu si kaganyu kopepuka

Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikuchonga homuweki ya masamu ya ophunzira a chaka choyamba pa koleji imene inenso ndikuphunzirapo. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi yongokhala pansi ndi cholembera chofiira n'kumathetha zolakwika, koma ine ndikukana, chifukwa nanenso ndinayamba ndi maganizo omwewo ndipo ndinalakwira nawo munthu.

Sabata yoyamba aphunzitsi anandipatsa mulu wa mapepala pamodzi ndi mayankho awo, ndipo ine ndinkangothamangira mzere womaliza. Yankho likafanana ndi la aphunzitsi ndinkapereka malikisi onse, likasiyana ndinkalemba ziro. Mapepala atabwezedwa, mtsikana wina anandipeza atagwira lake m'manja, ndipo mwaulemu anandifunsa kuti, "Kodi pamenepa ndalakwitsa zonse?" Nditawerenga modekha ndinaona kuti njira yake inali yolondola kuyambira pamwamba mpaka pansi, kungoti pa mzere wachitatu anaiwala chizindikiro chochotsera, ndipo cholakwa chimodzicho chinayenda naye mpaka kumapeto. Ine ndinali nditamuika m'gulu limodzi ndi munthu amene sanalembe kanthu. Ndinamupepesa, ndipo aphunzitsi atavomereza ndinakonza malikisi ake, koma funso lakelo limandibwererabe nthawi zonse ndikatsegula pepala.

Kuyambira pamenepo ndimatsatira maganizo a wolembayo mzere ndi mzere, kufunafuna pamene anapatukira, ndipo pambali ndimalembapo mawu ochepa omusonyeza malowo. Ndimachonga funso limodzi m'mapepala onse ndisanapite ku funso lina, kuti mulingo wanga usasinthe pakati panjira, pakuti ndinazindikira kuti pepala la nambala 5 ndinkaliwerenga ndi mtima wina, la nambala 50 ndi mtima winanso, kutopa kutandigwira. Dzina ndimalipindira kumbuyo. Ena mwa ophunzirawa ndimakumana nawo mu laibulale tsiku lililonse, ndipo alipo amene anandinong'onezapo kuti ndiwaganizireko. Kukana nkhope yodziwika n'kovuta, koma kusadziwa mwini pepala kumanditeteza ine ndi iwo omwe. Ndikapeza mapepala anayi olakwitsa mofanana pa mzere umodzimodzi, sindigamula ndekha kuti akoperana, ndimawapatula n'kukawasonyeza aphunzitsi, chifukwa mlandu wotere si wa msinkhu wanga.

Phindu lake kwa ine lilipo ndithu. Zinthu zimene ndinkangoloweza m'chaka choyamba ndinadzazimvetsa pochonga, poti munthu sungafotokoze chifukwa chimene njira ina yalakwikira ngati iwe mwini sukuidziwa mpaka ku mizu.

Koma chimene chikundilembetsa n'chakuti kuchonga kotere kumadya nthawi, ndipo wochongayo ndi wophunziranso. Pakati pa teremu, homuweki ya a chaka choyamba imachuluka m'sabata yomweyo imene ine ndili ndi mayeso anga, ndipo usiku ndimakhala ndi milu iwiri patebulo, wina wa mabuku anga, wina wa mapepala a anzanga. Pamenepo m'pamene munthu amayesedwa kubwerera ku mzere womaliza uja. Wovutika si wochonga kapena mphunzitsi ayi, koma wophunzira watsopano amene akulandira ziro yopanda mawu, n'kuyamba kukhulupirira kuti masamu si ake.

N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi ndi akuluakulu a makoleji amene amagwiritsa ntchito ophunzira pochonga kuti asamangotipatsa mayankho okha. Atipatse ndondomeko yosonyeza malikisi a sitepe iliyonse, akhale nafe pansi n'kuchongera limodzi mapepala angapo tisanayambe tokha, ndipo powerengera maola a ntchito awerengere nthawi yolemba ndemanga, osati yongothetha. M'sabata ya mayeso athu atichepetsere mulu kapena atitalikitsire tsiku lobweza mapepala. Ine ndingakonde kubweza mochedwa ndi masiku awiri kusiyana ndi kupatsanso munthu ziro chifukwa cha chizindikiro chimodzi.