Pemphero Loperekeza Achinyamata Athu Opita ku Angónia

Abale ndi alongo mwa Ambuye, achinyamata a mumpingo mwathu akunyamuka sabata ino kupita ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, kukatumikira limodzi ndi anzawo a kumeneko pa tchuthi chino. Kulikonse kumene muli, tipemphere pamodzi.

Atate wathu wa Kumwamba, Mwini munda ndi Mwini zokolola, tabwera pamaso panu ndi ana athuwa. Ku Antiokeya mpingo unasala kudya, unapemphera, unasanjika manja pa Barnaba ndi Saulo, ndipo unawalola apite. Ifenso manja tasanjika, koma mitima ya makolo ikadali m'mwamba, pakuti ena mwa anawa sanagonepo kunja kwa dziko chibadwire. Tikhazikeni mtima pansi, Ambuye.

Mukudziwa mmene ndalama ya ulendowu yapezekera. Munawaona akukazinga mandasi mbandakucha, akutsuka magalimoto Loweruka, akugwira ganyu yokolola chimanga m'minda ya akhristu. Munaona amayi a Chigwirizano akusonkha ufa ndi nyemba, ndi agogo aja amene anamasula mfundo ya pa chitenje nkupereka kochepa kamene anali nako. Tikuthokoza. Mupatseni msungichuma wa gululi manja oyera, ndipo posintha makwacha kuti apeze meticais asagwe m'manja mwa akathyali a pamalire.

Ayendetseni bwino pa msewu wa M1 mpaka pa chipata cha Dedza. Dalaivala asasinze, asathamangitse galimoto. Ziphaso zawo zikapezeke zili m'malo mwake, ndipo wina akawapempha ya fanta, apatseni mawu aulemu okanira, ngakhale kukanako kukawachedwetse padzuwa. Kumapiri kumene akupitako kumazizira kwambiri nyengo ino. Atetezeni ku chifuwa, ku malungo ndi ku matenda a m'mimba. Monga mwa Salimo 121, sungani kutuluka kwawo ndi kulowa kwawo.

Tsopano, Ambuye, tikupempha chimene chatilemera koposa. Achotsereni anawa maganizo oti akupita kukakuperekani kwa anthu osakudziwani. Inu munafika kale ku Angónia. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoni ya Mphatso, amishonale nachoka, koma Inu simunachoke. Kwa zaka zambirimbiri akhristu a kumeneko anakhala opanda abusa, akupemphera m'midzi mwawo, ena akuwoloka malire wapansi kuti adzabatizitse ana ndi kudya Mgonero kuno kwathu. Kenaka kunabwera nkhondo ya pachiweniweni, kuyambira 1977 mpaka pamene mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Midzi inapsa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'dziko lathu, ambiri a iwo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nsanje. Atabwerera kwawo anapeza mabwinja, naumba njerwa, namanganso nyumba zanu zopemphereramo. Ana athu akukakhala pa mphasa ndi agogo amene anadutsa m'zonsezi osakutayani. Atsekuleni makutu asanatsekule pakamwa. Akafunse, akamvetsere, ndipo ikafika nthawi yoti alalikire, akalalikire ngati ana oyankhula pamaso pa akulu, molimba mtima koma mopanda matama.

Pajatu si alendo enieni kwa ife. Malirewo anadula mafuko pakati: a Phiri ali uku ali uko, Angoni ali ku Lizulu alinso ku Dómuè, ndipo chinenero ndi chimodzi. Anawa akamva anzawo akusakaniza Chinyanja ndi Chipwitikizi asaseke, monganso ife sitifuna kusekedwa tikamasakaniza ndi Chingerezi.

Mwana wanu Yesu potuma ophunzira awiriawiri anawauza kuti akalowa m'nyumba ayambe ndi mawu a mtendere, ndipo adye zimene apatsidwa. Anawa akaikiridwa nsima ya mgaiwa ndi chisoso, adye ndi chiyamiko, asayang'anane. Dalitsani mabanja amene adzawalandire. Tikudziwa kuti mlendo akafika, amayi ndiwo amadzuka usiku kukatunga madzi ndi kuwaza nkhuni, ndipo nkhuku imene imasungidwira tsiku la mavuto ndi imene imaphedwa. Bwezerani m'nkhokwe mwawo zonse zimene adzatulutse. Ana athu asakhale pansi kudikira madzi osamba. Anyamata agwire nkhwangwa ndi ndowa, atsikana nawonso atumikire mokondwa, ndipo pa ntchito ya njerwa ndi matope pasapezeke wonamizira mutu.

Tikupemphereranso mafoni awo. Asajambule mwana wa eniake wovala sanza kuti akaike pa Facebook anthu awayamikire. Asalonjeze zimene sangakwanitse: malata a tchalitchi, fizi ya mwana wamasiye, Mabaibulo amene alibe pokawatenga. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iwo adzakwera basi nkubwerera, koma abusa ndi akulu ampingo a kumeneko ndiwo adzatsale akuyankha mafunso a anthu olonjezedwa. Choncho chilichonse chimene akayambe, akachiyambe pansi pa ulamuliro wa eni mpingo, kuti chidzapitirire iwo atachoka.

Inu mukudziwa thupi la wachinyamata, mukudziwanso kuti kutali ndi maso a makolo mayesero amakula. Asungeni m'chiyero anyamata ndi atsikanawa. Paulo anauza Timoteyo kuti munthu asapeputse unyamata wake, koma akhale chitsanzo m'mawu ndi m'makhalidwe. Zikhale chomwecho ndi awa. Mikangano ya chakudya, ya pogona ndi ya woyambitsa nyimbo ithe dzuwa lisanalowe. Apatseni nzeru ndi kuleza mtima akulu amene akuwaperekeza.

Kumbukirani dziko lonse la Mozambique, makamaka a ku Cabo Delgado amene akhala akuthawa zigawenga kuyambira 2017. Tontholetsani mfuti kumeneko.

Musaiwale achinyamata amene atsala: amene ndalama ya chiphaso inawasowa, amene akudwazika makolo, amene anagwira nawo ganyu yonse koma dzina lawo silinalowe. Chotsani nsanje mwa otsala ndi kudzikuza mwa opita. Pobwera adzasonkhanitse mpingo monga anachitira Paulo ndi Barnaba, adzafotokoze zimene Inu mwachita, zokoma ndi zovuta zomwe, osakometsera. Ndipo tipatseni ife mtima ndi chuma choti tidzaitane achinyamata a ku Ulónguè kuti nawonso adzatilalikire kuno, tidzawayalire mphasa ndi kuwaphikira.

Tapempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu. Amen.