Ufa wobiriwira sungachotse mtovu m'mafupa a alamu anga

Alamu anga amakonza mabatire a galimoto. Amaphwanya akale, kusungunula mtovu pamoto, n'kuumba mitu yatsopano. Ntchitoyi aigwira zaka zambiri ndipo ndi imene ikudyetsa banja. Chaka chathachi anayamba kudandaula za m'mimba mopotokola, kudzimbidwa, mutu wosatha, komanso kupsa mtima pa zinthu zosadziwika bwino, mpaka achemwali anga ankanena kuti bambo a kunyumba asintha. Tsiku lina ndinawapeza akutakasa ufa wobiriwira m'kapu ya madzi. Pabotolo panalembedwa kuti muli chlorella (mtundu wa ndere) ndi coriander (masamba okometsera ndiwo), ndipo amatsuka zitsulo zonse zapoizoni m'thupi pa masiku 30.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, magazi munayezetsa?"

Iwo anati, "Kuyezetsa kwa chiyani? Vuto ndikulidziwa kale, ndi mtovu. Mankhwala ake ndi awa."

Pamene tinkalankhula, mwana wawo wazaka zitatu anali atakhala pamiyendo pawo, akuyamwa chala, mutu atautsamiritsa pa ovolosi ija ya kuntchito yotuwa ndi fumbi. Chithunzi chimenecho sichinandichoke m'maso, ndipo ndi chimene chandilembetsa izi.

Alamu sanalakwitse pa vuto lawo. Mtovu, mercury, arsenic ndi cadmium ndi poizoni weniweni, si nkhambakamwa za otsatsa malonda. Ku Minamata m'dziko la Japan, matenda amene anadziwika mu 1956 anabwera chifukwa fakitale inkataya mercury m'nyanja, anthu n'kumadya nsomba zake, ana n'kubadwa olumala. Ku Bangladesh zitsime zimene anakumba pofuna kupulumutsa anthu ku matenda otsegula m'mimba zinapezeka kuti madzi ake ali ndi arsenic. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akusewera pa dothi lapoizoni. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wabwinobwino. Ndiye munthu akamachita mantha, ine sindimuseka. Chimene chimandipweteka n'choti mantha amenewo ena awasandutsa msika.

Taganizani kumene mtovu umapita ukalowa m'thupi. M'magazi sukhalitsa, pakatha pafupifupi mwezi theka lake limakhala litachokamo. Koma si wonse umene umatuluka ndi mkodzo. Thupi limausokoneza ndi kashiamu n'kukausunga m'mafupa ndi m'mano, ndipo mwa munthu wamkulu mtovu woposa magawo 90 pa 100 alionse umakhala kumeneko, kwa zaka makumi. Mayi akakhala woyembekezera, mafupa ake amatulutsa kashiamu womangira mwana, mtovu wakale uja n'kutulukira limodzi. Cadmium nayo imakakhazikika mu impso kwa zaka 10 mpaka 30. Tsono ufa umene wamwedwa m'kapu, wadutsa m'matumbo n'kutuluka mawa lake, ukafika bwanji m'fupa? Zambiri zimene amanena za chlorella ndi coriander zinachokera pa zoyesa m'mabotolo a mu labotale ndi pa mbewa. Chinthu kugwira chitsulo m'botolo ndi nkhani ina, kuchizula m'fupa la munthu wamoyo ndi nkhani inanso.

Ndisaname, pali kafukufuku mmodzi amene okonda zitsamba angamutchule ndipo ndi weniweni. Ku Iran, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anapatsa ogwira ntchito pa fakitale ya mabatire mapiritsi a adyo, ena n'kuwapatsa mankhwala a kuchipatala otchedwa penicillamine, ndipo mtovu wa m'magazi unatsika m'magulu onse awiri. Koma anali anthu ochepa, kwa milungu inayi yokha, ndipo panalibe gulu lachitatu losalandira kanthu loti ayerekezere nalo. Adyo idyani, ndi wabwino. Koma kafukufuku ameneyo sakupatsa aliyense chilolezo choti mwana wodwala azimumwetsa adyo m'malo mopita naye kuchipatala.

Mankhwala enieni ochotsa zitsulo alipo. Madokotala amawatcha chelation: mankhwalawo amagwira chitsulo m'magazi ngati mmene nkhanu imapanira chinthu, kenako impso n'kuzitulutsa zonse mu mkodzo. Amodzi mwa mankhwalawa, otchedwa dimercaprol, anawapanga ku Oxford ku England nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse pofuna kuteteza asilikali ku mpweya wapoizoni wokhala ndi arsenic. Palinso EDTA, komanso succimer amene ku America anavomerezedwa mu 1991 kwa ana amene mtovu wawo wapitirira ma microgram 45 pa desilita ya magazi. Mankhwala amenewa si masewera. Sasankha bwino, amakokanso zinki ndi michere ina imene thupi likuifuna, ndipo amalemetsa impso. Mu 2005 ku Pennsylvania m'dziko la America mnyamata wazaka zisanu anamwalira atabayidwa mtundu wa EDTA umene unakoka kashiamu m'magazi mwake mpaka mtima unaima. Mu 2010 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza makampani asanu ndi atatu amene ankagulitsa mankhwala otere popanda chilolezo. Ndiye onani pamene tili: chimene chili ndi mphamvu yochotsadi chitsulo chimafuna dokotala ndi kuyeza magazi pafupipafupi, ndipo chimene mungamwe mmene mukufunira popanda wokuyang'anirani n'chifukwa choti mphamvu imeneyo chilibe.

Ndipo ngakhale mankhwala enieniwo ali ndi polekezera. Kafukufuku wa ana 780 ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, anapeza kuti succimer anatsitsadi mtovu m'magazi a ana amene mlingo wawo unali pakati pa 20 ndi 44, koma nzeru zawo sizinasiyane ndi za anzawo amene sanalandire mankhwalawo. Ubongo wa mwana ukawonongeka ndi mtovu, kutsuka magazi pambuyo pake sikubweza chimene chatayika. Apa ndi pamene mtima wanga umawawira, chifukwa masiku 30 amene kholo likudikira kuti ufa ugwire ntchito ndi masiku 30 amene mwana akumezabe fumbi. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu m'matumbo kanayi kapena kasanu kuposa munthu wamkulu, ndiponso chilichonse amaika kukamwa.

Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anamwalira chifukwa miyala ya golide yokhala ndi mtovu ankaiperera pakhomo. Madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anali ndi succimer, koma ankaumirira kuti dothi la m'midzimo lichotsedwe kaye, chifukwa kumwetsa mwana mankhwala n'kumubwezera pabwalo lomwelo n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Ngati akatswiri okhala ndi mankhwala amphamvu amayamba ndi kuchotsa gwero, wogulitsa makapusozi amene sakufunsani n'komwe kuti mumagwira ntchito yanji akukuthandizani chiyani?

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa. Zitsamba ndi ufa wa m'mabotolowu nthawi zina ndi zimene zimabweretsa poizoniyo. Mu 2008 ofufuza a ku Boston anagula pa intaneti mankhwala azitsamba a chikhalidwe cha ku India otchedwa Ayurveda n'kuwayeza, ndipo pafupifupi limodzi mwa asanu alionse linali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Ku Bangladesh kunapezeka kuti ena opera chikasu ankathiramo utoto wokhala ndi mtovu kuti ufawo uwale bwino pamsika. Ndere ngati chlorella ndi spirulina zimayamwa zitsulo m'madzi amene zikumeramo, choncho ngati madziwo anali oipa, zitsulozo zili m'botolo lanu. Ndipo m'mayiko ambiri zinthu zimenezi zimagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, osati ngati mankhwala, kotero wopanga sakakamizidwa kusonyeza umboni woti zimagwira ntchito asanayambe kugulitsa.

Za beseni loviikamo mapazi lija, madzi n'kusanduka ofiirira, amvekere poizoni akutuluka, musataye nazo ndalama. Ndi dzimbiri la zitsulo zamagetsi zili m'madzimo, ndipo madziwo amasintha mtundu ngakhale mulibe phazi.

Kodi ndiye chakudya chilibe gawo? Chili nalo, koma gawo lake ndi lotseka chitseko, osati lotulutsa amene walowa kale. Mwana wosowa ayironi kapena kashiamu amayamwa mtovu wambiri, chifukwa matumbo ake amakokera chilichonse chofanana ndi chimene akusowa. M'mimba mopanda kanthu mtovu umalowanso kwambiri. Choncho mwana wodya mokwanira, amene magazi ake si ochepa, ndi wotetezekako. Ngati azaumoyo apeza kuti mwana akusowa ayironi n'kumupatsa mapiritsi, amenewo ndi owonjezera amene ndingawavomereze ndi mtima wonse.

Alamu ndinawauza zonsezi, osati tsiku limodzi, ndipo poyamba anakhumudwa. Munthu amene wawononga ndalama zake pa chinthu safuna kumva kuti chilibe ntchito, makamaka kuchokera kwa mlamu wake wamng'ono. Chimene chinawatembenuza si Minamata kapena Zamfara ayi. Ndinangowapempha kuti apukute ovolosi yawo ndi kansalu koyera konyowa. Kansaluko kanada bii. Ndinati, "Alamu, apa ndi pamene mwana amatsamira madzulo alionse." Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kansaluko.

Panopa ovolosi ndi nsapato zimatsala kuntchito. Amasamba asanabwere kunyumba, sadyeranso pamalo osungunulira mtovu, ndipo achemwali anasiya kusesa mouma, amakolopa ndi madzi. Alamu anayezetsa magazi, dokotala anawauza kuti apume kaye pa ntchito yosungunula ndipo abwerenso kudzayezetsa. Mwana anamutenga magazi sabata yatha. Zotsatira tikuziyembekezera Lachinayi.