Nyenyezi za pa Google ndi maganyu athu kuno ku Joni

Abale anga opaka penti, mapulambala, matelala ndi oluka tsitsi, ndiloleni ndinenepo zanga.

Ntchito yathu imayendabe pakamwa. Dona wa ku Randburg akakondwa ndi penti, amaponya nambala yanu m'gulu la WhatsApp la anthu a mumsewu wake. Chasintha n'choti wolandira nambalayo sathamangira kuimba. Amayamba wafufuza dzina lanu pa Google kapena pa Facebook kuti aone zimene ena ananena. Akapanda kupeza kanthu amaimbira kampani ya nyenyezi zambiri (malikisi a 1 mpaka 5 amene makasitomala amapereka pa Google), ndipo nthawi zina wobwera kudzagwira ntchitoyo amakhala Mmalawi yemwe, wolipidwa pa tsiku. Apa ndi pamene pamandiwawa. Thukuta ndi lathu, nyenyezi zikupita pa dzina la bwana.

Komatu nyenyezizi zimapweteka wamng'ono kuposa wamkulu. Tiwerenge. Makasitomala atatu akupatsani 5 aliyense, wachinayi mwakangana naye za mtengo, wakupatsani 1. Mwatsika kufika pa 4 tsiku limodzi. Kampani ya ndemanga mazanamazana siimva n'komwe. Ndiye wokondwa amangoti zikomo n'kuiwala, pomwe wokwiya amalemba usiku womwewo. Taonani pa HelloPeter, webusaiti ya ndemanga za makasitomala imene inayamba mu 2000, mmene anthu amadandaulira za mabanki, inshulansi ndi makampani a foni.

Ena akuuza asuweni ali ku Mzimba kapena ku Mangochi kuti alembe kuti ntchito yawo ndi yapamwamba. Ayi ndithu. Malamulo a Google amaletsa ndemanga zabodza, ndipo zikagwidwa zimafufutidwa. Ngakhale kasitomala amadabwa kuona anthu ambirimbiri akuyamikira pulambala wa ku Rosettenville tsiku limodzi, opanda wotchula chimene chinakonzedwa.

Amene akuopa kuika dzina poyera chifukwa cha nkhani ya mapepala ndikuwamvetsa, sindingawakakamize. Koma enanu, kulembetsa bizinesi pa Google n'kwaulere, ndipo ngati mumayendera makasitomala m'makomo mwawo mukhoza kubisa adiresi n'kungoonetsa madera amene mumafikako. Pemphani ndemanga tsiku lomwe mwamaliza ntchito, khoma likadali kununkha penti. Wina akakunyozani, muyankheni pomwepo mwaulemu, mufotokoze zimene munagwirizana ndi zimene mwakonzanso, chifukwa dona wotsatira amawerenganso yankho lanulo asanaimbe.