Chikoka si nkhope, abale anga

Ana athu obadwira kuno ku Harare akamva mawu oti chikoka amangoti ndi runako, kukongola basi. Ine ndikukana. Chiphadzuwa ungachicheukire kamodzi n'kupitiriza ulendo wako. Mnyamata wooneka bwino chimodzimodzi. Koma wachikoka amakukoka ndithu, umangopezeka wakhala pambali pake, dzuwa lapendeka, kutsanzika kukukanika. Agogo oti mano adatha akhoza kukhala nacho. Ngakhale mpira wa Dynamos ndi Highlanders timati uli ndi chikoka, poti anthu amasiya zonse kukadzaza bwalo.

Kukopa kumayandikira ku chikoka, koma kuli ndi dala mkati. Wokopa amachita kukonzekera, nthawi zina ndi bodza lomwe. Nsangala nayo ndi mbali imodzi chabe, chifukwa alipo anthu ofatsa, osayankhulayankhula, koma pamaliro aliyense amakathera pomwe akhala iwo.

Chimene chimandiwawa ndi tanthauzo lina lija, la mankhwala a chikoka, aja amati amaitana makasitomala, abale ake a kondaine amene Ashona amati mupfuhwira. Ife ochokera ku Malawi adatipachika kale mbiri yoti ndife amankhwala, kuyambira nthawi ya makolo athu amene adabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ndiye wathu akangoyenda bwino, anthu sachedwa kunong'ona kuti wakhwima.

Pali mayi wina amagulitsa tomato ku Mbare Musika. Anzake a pambali amati ali ndi kanthu m'chitenje. Ine ndimagula kwa mayiwa ndipo ndimawaonetsetsa. Amakupatsa moni asanayang'ane ndalama zako. Amakumbukira kuti mwana wako ankatsokomola, n'kufunsa kuti, “Nanga kamnyamata kaja kali bwanji?” Tomato wofewa amamuchotsa okha pamulu iwe ukuona, kenako kabasela pamwamba. Ukabwera ndalama zitaperewera sakukwinyira nkhope. Mzere wa anthu pabenchi pawo umachokera pamenepo, ndipo kunena kuti ndi mizu n'kuwabera thukuta lawo.

Chomvetsa chisoni n'choti ifenso eni chinenero tayamba kuwaopa mawuwa. Kutchalitchi ku Mufakose kapena ku Mabvuku, ukauza mayi kuti ali ndi chikoka amayamba wadzidzimuka, kuyesa ukuwanena. Ine sindisiya. Mayi a tomato aja ndidawauza pamaso pa anzawo omwewo kuti ndi achikoka, ndipo ndidzawauzanso.