Intaviyu ya mu shopu ya zovala: pomwe a ku Zambia akutiposa

Mashopu akuluakulu a zovala m'chigawo chino cha Africa amafanana kwambiri, chifukwa ambiri ndi nthambi za makampani a ku South Africa. PEP, yomwe idayamba mu 1965 m'tauni ya De Aar, lero ili ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique komwe, ndipo kayalidwe ka katundu ndi kamodzimodzi. Mafunso a pa intaviyu nawonso sasiyana kwenikweni. Adzakufunsani kuti mungatani kasitomala atabweza malaya omwe wavala kale, ngati mungamabwere kuntchito Loweruka ndi Lamulungu, ndiponso chomwe mungachite mutaona mnzanu akubisa diresi m'chikwama. Kusiyana kuli pa munthu wofunsidwayo: mapepala omwe wanyamula, chilankhulo chomwe akuyankhira, ndi zomwe akudziwa kuti lamulo la dziko lake likumupatsa.

Za mapepala sindichedwapo. Ku Malawi ndi satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika chomwe tidayamba kulandira mu 2017, CV ndi kalata ya munthu wokuchitirani umboni. Ku Zambia ndi satifiketi ya Grade 12 ndi chiphaso cha unzika chotchedwa NRC, kenaka nambala ya bungwe la penshoni la NAPSA ntchito ikapezeka. Ku Mozambique amafuna chiphaso cha unzika chotchedwa BI, nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, ndipo kawirikawiri amafunanso kalata ya boma yosonyeza kuti simudapalamulepo mlandu. Pa ntchito yogwira ndalama ndi katundu wa eni kalatayi ndi yomveka, ngakhale kuti imamudyera nthawi munthu yemwe sadziwa n'komwe ngati alembedwa.

Chilankhulo ndicho chimandikhudza kwambiri. Ku Malawi ndi ku Zambia intaviyu ya m'mashopu akuluakulu imachitika m'Chingerezi, ku Mozambique m'Chipwitikizi. Koma makasitomala olowa pakhomo amalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chibemba, Chisena. Mtsikana wodziwa kunyengerera mayi wokayikakayika mpaka atagula, angathe kulephera chifukwa Chingerezi chamuthawa pa funso loyamba, ntchito n'kupita kwa wina wolankhula mosalala koma wosadziwa kulandira munthu. Apa a ku Tanzania ali pabwino. Chiswahili ndi cha dziko lonse, choncho wofunsa ndi wofunsidwa angathe kukambirana m'chilankhulo chomwecho chimene kasitomala adzabwere nacho mawa. Sindikunena kuti Chingerezi chichoke, popeza malisiti, kompyuta ya pa tilu ndi malangizo ochokera kulikulu zonse zimabwera m'Chingerezi. Ndikunena kuti manijala wanzeru ayenera kuyesa munthu m'zilankhulo zonse ziwiri, makamaka pa gawo lija amakupatsani buluku n'kunena kuti mumugulitse.

Gawo limenelo ndi lomwe limaonetsa wogulitsa weniweni. Wosakonzeka amayamba kuyamikira bulukulo, kukongola kwake ndi kulimba kwake. Wodziwa ntchito amayamba ndi kufunsa: mukugulira yani, ndi la kuntchito kapena la ku ukwati, amavala saizi yanji? Ndipo nkhani ya masaizi imasokoneza anthu m'maiko onsewa, chifukwa katundu amachokera kosiyanasiyana. Diresi lomwe ku South Africa lalembedwa 34 ndi lomwe ku Britain amati 10, pomwe m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi 38. Zovala zambiri zochokera ku China zimakhala zocheperako poyerekeza ndi chilembo chomwe chasokedwa pakhosi. Wofunsira ntchito yemwe angafotokoze zimenezi modekha, n'kuuza kasitomala kuti ayambe wayesa asanalipire, waonetsa kale kuti adzachepetsa katundu wobwezedwa.

Ife Amalawi timalowa m'chipinda cha intaviyu ndi ulemu wambiri. Timadikira kuti atiuze kukhala, timatsitsa mawu, ena amayang'ana pansi poyankha chifukwa ndi momwe tidaleredwera pamaso pa akulu. Ulemu umenewu si wotaya ayi, ndi umene umachititsa agogo kubweranso m'shopu momwe adalandiridwa bwino. Vuto ndi loti bwana akufuna munthu woyamba yekha kupereka moni kwa mlendo, ndipo akaona maso ali pansi amaganiza kuti pa shopu mudzakhalanso chete kuseri kwa zovala. Choipa kwambiri chimachitika kumapeto, akafunsa ngati muli ndi funso. Ambiri timati tilibe, poopa kuoneka amwano.

Apa ndi pomwe Zambia ikutiposa, ndipo chifukwa chake si chibadwa cha anthu koma lamulo. Employment Code Act ya 2019 imati nthawi yoyesedwa pa ntchito isapitirire miyezi 3, ndipo ingathe kuonjezeredwa ndi miyezi ina yosapitirira 3. Bwana ayenera kuunika kagwiridwe kanu ka ntchito n'kukuuzani zotsatira, ndipo akapanda kukulemberani kalata nthawiyo itatha, lamulo limakuwerengani kuti mwakhazikika. Dzikoli lilinso ndi lamulo lapadera la malipiro a ogwira ntchito m'mashopu, lomwe limaika antchito m'magiredi, wothandiza kugulitsa n'kutchulidwa momveka, komanso limanena za ndalama ya nyumba ndi ya mayendedwe. Mnyamata wa ku Zambia akafunsa kuti amuika giredi yanji, sakupempha chifundo. Akufunsa chinthu cholembedwa, chomwe manijala naye akuchidziwa.

Kwathu Employment Act ya 2000 imalola kuti nthawi yoyesedwa ya wogwira ntchito yaluso ifike miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo aliyense mwa awiriwo angathetse mgwirizano popanda notisi. Chaka chathunthu! Luso la wogulitsa zovala limaoneka pa mwezi umodzi wa Disembala, pomwe shopu imadzaza ndi makolo ogula za Khirisimasi, kapena pa sabata yomwe sukulu zikutsegulira. Palibe bwana amafunika miyezi 12 kuti adziwe ngati munthu amatha kupinda malaya, kuwerenga chenji ndi kupirira kasitomala wolusa. Nthawi yayitali chonchi imangomusunga munthu m'mantha, osatha kudandaula ngakhale aweruke usiku. Mozambique nayo idakonzanso lamulo lake la ntchito mu 2023, kulowa m'malo mwa la 2007, ndipo kumeneko nthawi yoyesedwa imasiyana malinga ndi udindo: yayitali ndi ya akatswiri ndi mabwana, wantchito wamba yake ndi yaifupi. Maganizo amenewa ndi olondola.

Komabe lamulo lathu silidatisiye manja lende. Limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, oposa pamenepo ndi ovataimu yolipidwa. Limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kulumala, kapena chifukwa ndi mkazi, ndi wokwatiwa kapena ali ndi ana. Limalamulanso bwana wa antchito 5 kapena kuposerapo kupereka kalata yofotokoza malipiro ndi maola a ntchito pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito. Malipiro otsikitsitsa amalengezedwa ndi unduna wa zantchito, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanapite ku intaviyu.

Ndiye akakufunsani ngati muli ndi funso, funsani mwaulemu womwewo umene mudalowa nawo. Nthawi yoyesedwa ndi miyezi ingati, ndipo ilembedwa mu kontirakiti? Ntchitoyi ndi yokhazikika kapena ndi ya nyengo ya Khirisimasi yokha? Ogwira Lamulungu amapuma tsiku liti? Ndipo musaiwale la shoti, lomwe limaliza ogulitsa ambiri mbali zonse za malire: powerengera katundu zikapezeka kuti zovala zina zasowa, amadula malipiro a yani, ndipo amatsimikiza bwanji kuti wolakwa ndi ameneyo? Manijala wa shopu yoyendetsedwa bwino amayankha funsoli mosavuta, chifukwa ndondomeko yake amakhala nayo yolembedwa kale.