Utsi wathu ndi wa umphawi, si wa chitukuko

Maganizo anga chabe awa, amene zimuwawe andikhululukire.

Lero m'mamawa ndikupita ku Luwinga, chisanu cha Mzuzu chija chofika m'mafupa, ndakumana ndi bambo wina akukankha njinga, matumba atatu a makala, thukuta lili kamukamu ife tikunjenjemera m'majuzi. Osanama, ndagulapo limodzi. Mitengoyo sindinafunse kuti yachokera kuti, kaya ku Kaning'ina kaya mbali za ku Chikangawa, nanga ndifunsirenji poti dzulo magetsi anathima nsima ili pa hotipuleti, ana n'kugonera tiyi.

Ndiye pagulu lathu la WhatsApp wina walemba kuti dziko likamalemera utsi umachuluka, bola ife tisamathamangire mafakitale ngati azungu. Ase! Achimwene, mukunena Malawi wake uti? Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa mpweya wa kaboni pafupifupi matani 14 pachaka, Mmalawi 0.1 basi, mukawerengera petulo, dizilo ndi malasha. Koma tayang'anani mapiri athu mmene ameteredwa mpala, utsi ukufuka m'nkhalango usiku ndi usana, sikuti kuli fakitale kumeneko ayi, ndi uvuni wa makala wa munthu amene akusaka fizi ya mwana. Nyumba zoposa 9 mwa 10 zilizonse m'dziko muno zimaphikira nkhuni kapena makala. Chimenecho ndi chitukuko?

Ena amakonda kutchula Britain, akuti onani chuma chawo chakula koma utsi watsika ndi theka kuyambira 1990. Ndi zoona, ndipo mu September 2024 anatseka siteshoni yawo yomaliza ya magetsi a malasha ku Ratcliffe-on-Soar. Koma anthu amenewa akhala akuotcha malasha popanga magetsi kuyambira 1882, anayamba adya n'kukhuta kenako ndi pomwe akusamba m'manja, komanso katundu wambiri amene akugwiritsa ntchito, mafoni, nsapato, mapoto, akupangidwa ku China, utsi wake n'kulembedwa pa dzina la China. Khola lako lingaoneke loyera ngati mbuzi wakazisungitsa kwa neba.

Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti magetsi athu ndi oyera kale. Ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuno kumpoto tili ndi ka Wovwe ku Karonga, ku Salima kuli sola ya mamegawati 60. Vuto ndi ochepa, ndipo ofooka. Namondwe Ana atagumula Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi, mukukumbuka mmene majenereta ankalirira m'tauni muno, wometa, wowotcherera mageti, wa chigayo, aliyense ka dizilo kake m'chigubu, mbaula zikuyaka mpaka m'nyumba za mabwana ku Katoto. Mphepo yoononga itabwera utsi wathu unachuluka, chuma chikutsika. Freddy naye mu 2023 anapha abale athu mazanamazana kummwera, anthu amene ambiri mwa iwo sanakwerepo ndege chibadwire.

Za malasha a ku Mchenga ku Rumphi sindikuti tiyeni tiotche mwachisawawa, ngati madzi ndi dzuwa zingatikwanire bola zomwezo. Koma ine chumuni cha fakitale chitafuka ku Luwinga, anyamata 300 n'kulembedwa ntchito, mayi awo n'kugula silinda ya gasi, sindingadandaule ngakhale pang'ono. Bambo wa njinga uja atapeza ntchito ya pamwezi mukuganiza angadzukenso 2 koloko usiku kumathawana ndi a zankhalango?

Ndisanaiwale, makala ake ndi abwino zedi, olemera, osathetheka. Wati abweranso Lachisanu ndipo ndamuuza andisungire thumba lina.